Revolver yakale yochita dzimbiri: ndiyang'ane chiyani, ndipo ndiikonze bwanji?

Wongoyamba

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka kuli revolver ya Smith & Wesson Model 10-5, ya .38 Special, mpope wake wa mainchesi 4. Za laisensi ndi mapepala osinthira umwini zili m'malo mwake, funso langa si la kumeneko. Mtengo wake ndi wotsika chifukwa cha maonekedwe. Mtundu wakuda uja, umene amati bluing, unaperepeseka kunsonga kwa mpope ndi m'mphepete mwa silinda, chozungulira chija chokhala ndi mabowo a zipolopolo. Kumanzere kwa fulemu kuli timadontho tofiira ta dzimbiri, tambiri ndithu, ndipo pa silinda pali malo amodzi aakulu ngati chikhadabo pomwe dzimbiri lachita kutukumuka. Mitu ya ma screw awiri inawonongeka ndi screwdriver yosayenera. Zigwiriro ndi zamtengo, zomwe inabwera nazo, koma zinada ndi mafuta ndipo chimodzi chinagundidwa n'kulowa mkati pang'ono.

Mafunso anga ndi atatu. Ndisanalipire ndiyese chiyani kuti ndidziwe kuti vuto ndi la kunja kokha? Dzimbirilo ndingalichotse bwanji osawononga bluing yotsalayo? Ndipo kodi si bwino kungoipala yonse ndi sandipepa n'kupaka cold blue, mankhwala a m'botolo odetsera chitsulo, kuti ioneke yatsopano?

Wosula

A Wongoyamba, ine ndiyankha funso loyamba lokha, chifukwa mfutiyo ikalephera pamenepo mafunso enawo alibenso ntchito. Kufwifwa ndi dzimbiri lapamwamba sizilepheretsa revolver kuwomba bwino, zimangotsitsa mtengo, ndipo kwa inu wogula umenewo ndi mwayi. Chimene chimatha ndalama ndi zamkati. Pitani ndi tochi yaing'ono, feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mipata), ndodo yotsukira mpope ndi tinsalu toyera. Pemphani kaye kwa wogulitsa kuti muyese. Tsegulani silinda, suzumirani mabowo onse 6 kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu, ndipo zipolopolo zisakhale ngakhale patebulopo.

Yambani ndi nambala. Pa Smith & Wesson nambala yeniyeni ili pansi penipeni pa fulemu ya chigwiriro. Igwirizane ndi ya pamapepala chilembo ndi chilembo. Ikaoneka kuti inapalidwa, inadindidwanso kapena yafufutika, musakambiranenso mtengo, isiyeni. M'mayiko ambiri kungopezeka ndi mfuti yotero ndi mlandu waukulu.

Kenako timing, ndiko kuti ngati silinda ikutsekeka pa nthawi yake mfuti isanalire. Kokani hammer, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya chipolopolo, ndi chala chachikulu pang'onopang'ono kwambiri, mukumvetsera. Pansi pa silinda pali kaloko kamene kamalowa m'timphako ta pa silindayo. Kalokoko kayenera kulira kuti kha, kulowa m'kamphako, hammer isanafike kumapeto ndi kukola. Chitani zimenezi pa mabowo onse 6, chifukwa kawirikawiri bowo limodzi kapena awiri ndi amene amachedwa. Hammer ikakola koma silinda n'kufunika kuti muikankhe pang'ono ndi chala kuti itsekeke, ndiye kuti hand, kachitsulo kamene kamazunguza silinda, kapena mano a kumbuyo kwa silinda aperepeseka. Chifukwa chochitira pang'onopang'ono ndi chakuti mukakoka mwachangu, kulemera kwa silinda kumaifikitsa yokha pamalo ndipo vuto limabisika. Bwerezani pokoka trigger yokha, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, mukuigwirizira hammer kuti isamenye. Bowo likapanda kulunjika ndi mpope, chipolopolo chimakhula m'mphepete ndipo tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali, kumaso kwa amene waima pafupi. Limeneli si vuto lonyalanyaza.

Silinda itatsekeka, igwedezeni kumanja ndi kumanzere. Pa Smith & Wesson kugwedera pang'ono kulipo ndithu ngakhale pa yatsopano, musadabwe nako. Ndi Colt zakale zimene zimagwira nganganga trigger ikakokedwa mpaka kumapeto. Chofunika kwambiri ndi kugwedera kopita kutsogolo ndi kumbuyo, kumene amati endshake. Kankhirani silinda kumbuyo, yezani mpata wa pakati pa nkhope ya silinda ndi chiyambi cha mpope. Kenako ikankhireni kutsogolo, yezaninso. Mpata wabwino umakhala pakati pa 0.10 ndi 0.20 mm. Ukapitirira 0.25 mm mpweya wa wonga wambiri umathawira m'mbali, ndipo kukonza kwake ndi kumasula mpope n'kuubweza m'mbuyo, ntchito yodula. Kusiyana kwa miyeso iwiri ija ndiyo endshake. Ikakhala 0.05 mm kapena kucheperapo palibe chodandaula. Ikaposa apo mmisiri amaika timawashala topyapyala mkati mwa silinda, ndipo ntchito imeneyi si yaikulu.

Tsopano chiyeso chimene anthu ambiri amachidumpha. Kokani hammer ikole, chotsani chala pa trigger, ndiye ikankheni hammer kutsogolo ndi chala chachikulu, mphamvu yapakatikati basi. Isagwe. Ikagwa ndiye kuti wina anapala mano a hammer kapena a trigger pofuna kuti ipepuke. Zitsulo ziwirizi ndi zolimba pakhungu pokha, mkati ndi zofewa, choncho khungu limenelo likapalidwa zimangoperepesekabe mpaka muzisinthe. Mfuti yotero ndi yoopsa, ingathe kulira itangogundidwa.

Yang'anani mfutiyo chakutsogolo silinda itatsekedwa. Yoke, kamkono kamene kamanyamula silinda potsegula, kayenera kukhudzana ndi fulemu popanda mpata woonekera. Mpata ukakhalapo ndiye kuti kanapindika, makamaka chifukwa cha anthu amene amatseka silinda poigwedeza ndi dzanja limodzi. Tsegulani silinda, izunguzeni, muone ngati ndodo yotulutsira makhoko a zipolopolo ikuyenda mowongoka kapena ikuvina.

Mpope uunikeni ndi tochi kuchokera mbali zonse ziwiri, mutadutsitsamo kansalu kouma. Mizere yamkati ikhale yakuthwa. Mukaona mkombero wakuda mkatimo, kapena kansalu kothina kakafika pena n'kupepuka mwadzidzidzi kenako n'kuthinanso, mpopewo unatupa. Zimachitika chipolopolo chopanda mphamvu chikatsakamira mkati, wina n'kuwomberanso china pambuyo pake. Chiyambi cha mpope, pamene chipolopolo chimalowera chikachoka mu silinda, chiyang'aneni mozungulira ngati pali mng'alu, makamaka pansi pake. Vuto limeneli limatchuka kwambiri pa Model 19 za .357 Magnum, koma kuyang'ana sikulipiritsa.

Chomaliza, pemphani achotse zigwiriro. Thukuta ndi chinyezi zimabisala pansi pake, ndipo mfuti yooneka bwino kunja imatha kukhala itadyeka pamenepo.

Nyundo

A Wosula anena zonse za mkati, ine ndilowe pa dzimbiri. Koma choyamba funso lachitatu lija: ayi, musaipale. Revolver zakale zambiri zimene zinawonongeka maonekedwe sizinawonongedwe ndi dzimbiri, zinawonongedwa ndi sandipepa ndi makina opukutira m'manja mwa munthu wofunitsitsa kukonza. Ngodya zakuthwa zimasanduka zobulungira, zilembo za fakitale zimafufutika, mabowo a ma screw amasanduka ngati timbale. Chitsulo chikachoka sichibwerera.

Kumvetsa kuti bluing ndi chiyani kukuthandizani. Si penti ayi. Nayonso ndi mtundu wa dzimbiri, lakuda, lotchedwa magnetite, lomwe limamera pa chitsulo chenichenicho, ndipo ndi lopyapyala zedi, losafika ngakhale 0.003 mm. Dzimbiri lofiira ndi m'bale wake, koma ndi losalimba, limatukumuka ndi kuyoyoka. Ndiye chifukwa chake mankhwala aliwonse ochotsera dzimbiri amachotsanso bluing: viniga, madzi a mandimu, mankhwala a phosphoric acid, ngakhale aja amati ndi ofatsa omizamo zitsulo usiku wonse. Mankhwalawo sasiyanitsa lofiira ndi lakuda. Nazonso tinsalu tachikasu tochotsera mtovu ndi ta mfuti za stainless, pa bluing timasiya chitsulo poyera.

Pa timadontho ta pa fulemu chitani motere. Chotsani zigwiriro. Nyowetsani malowo ndi oyilo wopepuka wa mfuti kapena palafini, musiye maola 24. Tengani steel wool ya 0000, yosalala kuposa zonse, inyowetseni ndi oyilo, pukutani mopepuka ngati mukupukuta galasi la maso. Pakangopita masekondi ochepa pukutani ndi nsalu yoyera, thirani oyilo watsopano, tembenuzani steel wool igwire ndi mbali yoyera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Steel wool payokha sikanda bluing, chimene chimakanda ndi tizidutswa ta dzimbiri tomwe tasweka n'kusakanikira mu oyilo. Oyilo akayamba kufiira ndiye kuti wasanduka sandipepa.

Pamalo potukumuka pa silinda paja, musayambe ndi steel wool. Tengani khoko la chipolopolo lopanda kanthu, lamkuwa, liphwanyeni kukamwa kuti likhale lafulati, mupale nalo dzimbirilo pali oyilo. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, umathyola dzimbiri koma sukanda. Udzasiya timizere tachikasu, timene timachoka ndi nsalu ya oyilo.

Njira yabwino kuposa zonsezi, ngati dzimbiri lili paliponse, ndi kuwiritsa. Madzi owira amasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda lija, ndiye m'malo molichotsa mumalisandutsa bluing. Kutentha kwa 100°C sikungafewetse chitsulo cha mfuti, musaope. Mfuti imasulidwe, masipuling'i ndi zamkati zikhale pambali. Tsukani mafuta onse ndi acetone, ndipo kuchokera apa gwirani ndi magolovesi oyera, chifukwa mafuta a m'zala amatchinga madzi. Gwiritsani ntchito madzi a distilled kapena amvula osefa, popeza madzi okhala ndi mchere wa m'nthaka amasiya mawanga. Zitsulo zilendewere pa waya, zisagone pansi pa poto. Wiritsani mphindi 30 mpaka 45. Mukazitulutsa zimauma zokha ndi kutentha kwake, ndipo zimaoneka ngati zathiridwa mwaye. Mwayewo upukuteni ndi steel wool ya 0000 youma, imene mwaitsuka kale mu acetone, chifukwa imabwera ndi mafuta ake kuchokera kufakitale. Pakatsala pofiira wiritsaninso, kawiri kapena katatu. Mukamaliza mizani zonse mu palafini usiku wonse kuti madzi obisala pa mazinga a mpope ndi m'timabowo atuluke, kenako oyilo. Mukadumpha palafiniyo, pakatha milungu ingapo mudzaona dzimbiri likutuluka polumikizira mpope ndi fulemu.

Dziwani kuti pansi pa malo otukumuka aja mudzapeza timaenje. Timeneto ndi chitsulo chimene chinadyeka kale. Tikakhala kunja kokha ndipo ndi tosazama, tasiyeni takuda ndi topaka mafuta, sitikulanso. Koma silinda ili ndi malo opyapyala, pamene kamphako ka loko kali pamwamba penipeni pa bowo la chipolopolo. Dzenje lozama likakhala pamenepo, mmisiri aione musanawombe.

Cold blue ndi yokonzera kadontho kapena mutu wa screw, si ya mfuti yonse. Ndi mankhwala a selenium ndi kopa amene amangodetsa pamwamba. Imatuluka yamawangamawanga, imachoka msanga ndi manja, siteteza kwenikweni ku dzimbiri, ndipo imasiya fungo limene aliyense wodziwa mfuti amalizindikira. Ndi poizoninso, valani magolovesi.

Wongoyamba

Zikomo kwambiri a Wosula ndi a Nyundo. Ndakaiyesa monga munanenera. Nambala ikugwirizana, timing ili bwino pa mabowo onse, hammer sikugwa. Mpata ndi 0.18 mm silinda ili kumbuyo, 0.13 mm ili kutsogolo. Mpope ndi woyera. Pansi pa zigwiriro pali dzimbiri lochepa. Koma ndaona ziwiri zina: screw ya kutsogolo kwa fulemu ya chigwiriro inamasulidwa, yatulukira kunja pang'ono, ndipo pokoka trigger zikumveka ngati muli phala louma mkati. Kodi chivundikiro cha m'mbali mwa fulemu, chimene chimabisa zamkati, ndingatsegule ndekha? Nanga zigwiriro ndi mitu ya ma screw ija?

Wosema

Ndiyankhe za zigwiriro ndi ma screw. Musanachite china chilichonse, tembenuzani chigwiriro cha kumanja muone mkati mwake. Pa Smith & Wesson za zaka zimenezo nthawi zambiri mumakhala nambala yodindidwa yofanana ndi ya mfuti, chifukwa zigwirirozo ankazisema molingana ndi fulemu imodziimodzi. Ikagwirizana, zisamaleni kwambiri, ndi gawo la mtengo wa mfutiyo. Pochotsa musalowetse mpeni pakati pa mtengo ndi chitsulo. Masulani screw pang'ono, igogodeni pamutu kuti ikankhe chigwiriro cha mbali inayo, kenako chotsalacho chikankheni kuchokera mkati.

Mtengo wake ndi walnut, ndipo kudako ndi oyilo wa mfuti amene wakhala akutsikira m'menemo kwa zaka. Oyilo wotere amafewetsa mtengo, choncho ayenera kutuluka. Mizani zigwiriro mu acetone m'botolo lotseka kwa ola limodzi kapena awiri, kutali ndi moto ndiponso pamalo opita mphepo. Tsukani timizere tosemedwa pa zigwiriro ndi mswachi wakale, motsatira mizere. Zisiyeni ziume tsiku lathunthu. Mafuta akatulukanso pamwamba bwerezani. Acetone imachotsanso vanishi yakale, choncho ngati vanishi ikadali yabwino ndipo ndi litsiro chabe, ingotsukani ndi mswachi ndi sopo wochepa, osamiza m'madzi.

Pamalo pogundidwa paja ikani kansalu konyowa, mukhudzitsepo nsonga ya simbi yotentha kwa masekondi 5 mpaka 10. Nthunzi imatukumula minyewa ya mtengo imene inafinyika. Bwerezani kangapo. Zimatheka ngati mtengo unangofinyika. Ngati minyewa inaduka sipadzadzaza, ndipo ndi bwino kupasiya kusiyana ndi kumatapo phala la mtundu wina. Sandipepa asafike m'mphepete, chifukwa zigwiriro zikachepa ngakhale pang'ono chitsulo cha fulemu chimatulukira ndipo aliyense amaona. Asafikenso pa timizere ndi pa timamendulo ta chizindikiro cha kampani.

Popaka, boiled linseed oil kapena Tru-Oil, kadontho kamodzi pa chala, kupaka mopyapyala, kupukuta wotsala, kudikira maola 24. Katatu kapena kanayi pamalo osalala, koma pa timizere kamodzi kokha ndi mswachi, apo ayi timadzaza n'kukhala ngati pulasitiki. Nsalu za linseed musaziunjike mu bini, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja zotambasula kapena zimizeni m'madzi.

Mitu ya ma screw imawonongeka chifukwa screwdriver wamba ndi wosongoka ngati mphero, amakwera n'kutuluka mu mpata. Mufunika ya hollow ground, imene mbali zake ndi zowongoka, yodzaza mpata wonse m'litali ndi m'lifupi. Screw yowonongeka ilowetseni m'bowo la chitsulo chafulati kuti mutu utsamire, gogodani milomo yotukuka ija ndi kahamala kakang'ono kosalala kuti chitsulo chibwerere m'malo. Wongolani mpata ndi kafayilo kopyapyala. Kenako igwireni mu drill, mutu uzungulire pa sandipepa wa 400 kenako 600. Apa ndiye pamene cold blue ili ndi ntchito.

Wosula

Miyeso imeneyo ndi yabwino, a Wongoyamba. Endshake ya 0.05 mm isiyeni. Ndi zimene mwanenazi, mfutiyo ndi yogula.

Screw yomasulidwayo ndi strain screw, imene imakankha sipuling'i yaikulu ya hammer. Anthu amaimasula kuti trigger ipepuke, zotsatira zake hammer imamenya mofooka ndipo zipolopolo zina sizilira. Iyenera kumangidwa mpaka kumapeto. Mukaimanga, bwerezani kuyesa kukankha hammer kuja. Onaninso nsonga yake ngati sanaidule ndi fayilo; ngati anaidula, gulani ina.

Phala mukulimvalo ndi oyilo wakale amene anauma. Chivundikiro cha m'mbali mungatsegule, koma pali malamulo ake. Pa 10-5 pali ma screw atatu, imodzi imabisika pansi pa chigwiriro. Musawasokoneze: ya kutsogolo ndi imene imagwira yoke ndipo anailinganiza ndi malo ake, ya mutu wafulati ndi ya pansi pa chigwiriro. Bayani pa katoni, mulembe malo a iliyonse. Mukachotsa ya kutsogolo, yoke ndi silinda zimasololoka chakutsogolo. Chivundikirocho musachitukule ndi screwdriver ngakhale pang'ono, milomo yake imatukuka ndipo mzere wake sudzabisikanso. Gwirani mfuti chivundikiro chili m'mwamba, gogodani fulemu ya chigwiriro ndi mpini wamtengo kapena wapulasitiki, chidzadzuka chokha ndi kunjenjemerako. Chivundikiro chili chochotsa musakoke trigger sipuling'i yaikulu ili yomanga, chifukwa timisomali timene hammer ndi trigger zimazungulirapo timakhala tagwiridwa mbali imodzi yokha ndipo tingapindike.

Mudzaona kachitsulo kakatali kopyapyala kangogona pamwamba, mwinanso kadzagwa. Imeneyo ndi hammer block, imene imatchinga hammer kuti mfuti isalire ikagwa pansi. Kampaniyi inayamba kuika ya mtundu umenewu chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, msilikali wa pamadzi wa ku America atafa ndi revolver imene inagwa n'kulira. Ikasowa, mfuti imagwirabe ntchito ngati kuti zonse zili bwino, ndiye kuopsa kwake. Jambulani chithunzi musanakhudze kanthu, ndipo pobwezera kabowo kake kakole pa kamsomali ka pa rebound slide, chitsulo chimene chimabweza trigger kutsogolo, hammer block ili yokankhidwira m'mwamba.

Ngati cholinga ndi kutsuka kokha, simufunika kuchotsa china. Tsukani ndi mankhwala osungunula mafuta ndi kabulashi, ziume, ikani timadontho tochepa ta oyilo pamene zitsulo zikukhulana. Fayilo kapena mwala wonolera zisakhudze chilichonse mkatimo. Ngati mukufuna kuwiritsa fulemu, zamkati zonse ziyenera kutuluka, ndipo sipuling'i ya mu rebound slide ndi yamphamvu, imauluka. Valani magalasi oteteza maso, kapena perekani kwa mmisiri amasule ndi kumanganso, inu muchite za dzimbiri zokha. Ndodo ya pa silinda ya 10-5 mazinga ake ndi akumanzere, imamasuka mukaizunguza mbali imene screw wamba amamangira. Pomasula ikani makhoko opanda kanthu m'mabowo atatu kuti timapini ta extractor, kachitsulo kokankhira makhoko kunja, tisathyoke, ndipo musaigwire ndi pulayala.

Nyundo

Ndionjezere za mtundu, chifukwa mukamaliza kuwiritsa kunsonga kwa mpope ndi m'mphepete mwa silinda kudzakhalabe koyera. Pamenepo panalibe dzimbiri loti lisanduke lakuda, bluing inangoperepeseka ndi chikwama chonyamuliramo mfuti. Maganizo anga ndi akuti musiye choncho. Kuperepeseka kotero ndi kwachilungamo, ndipo odziwa mfuti amalemekeza bluing ya fakitale yofwifwa kuposa yatsopano yopakidwanso. Pakani wax wopyapyala kapena oyilo, ndipo musaisunge m'chikwama chachikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi.

Koma Model 10 zinapangidwa mamiliyoni, si mfuti yosowa, choncho ngati mtima wanu uli pa kuidetsa yonse, njira zoona ndi ziwiri. Hot blue ndi ya mmisiri: zitsulo zimamizidwa mu caustic soda wosakaniza ndi mchere wa nitrate wowira pa 140°C kapena kuposerapo pang'ono. Kadontho kake kamaotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso, ndipo mankhwalawo amadya aluminiyamu. Si ya pakhomo. Posankha mmisiri funsani mmene amapukutira, chifukwa kumiza aliyense amatha, luso lili pa kusunga ngodya ndi zilembo.

Imene mungathe nokha ndi rust blue, ndipo ndi kuwiritsa komwe kuja, kungoti dzimbirilo mumalimeretsa dala. Chotsani bluing yakale ndi mankhwala ake, tsukani bwino. Pukutani ndi manja, sandipepa wokulungidwa pa kathabwa kolimba pamalo afulati, mbali imodzi, kuyambira 240 kulekezera 320 kapena 400. Mukasalaza kuposa apo mankhwala sagwira bwino. Pa zilembo dutsani mopepuka, ndipo pa nambala ya mfuti musapale n'komwe. Musakhudze nkhope ya silinda, mano a kumbuyo kwake ndi timphako ta loko, chifukwa mukachotsapo chitsulo mwasintha miyeso imene a Wosula anakuyezetsani. Timaenje musatithamangitse mpaka pansi. Rust blue siwala kwambiri, imatibisa bwino. Hammer ndi trigger zisalowe nawo, mitundu yake yamawanga ija ndi ya fakitale.

Tsukani ndi acetone, tsekani mpope ndi mabowo a silinda kuti mankhwala asalowe. Pakani mankhwala a rust blue ndi kathonje kofinyidwa kwambiri, ulendo umodzi wautali, osabwerezabwereza pamalo amodzi. Pachikani pamalo ofunda ndi a chinyezi kwa maola angapo mpaka pamere dzimbiri losalala ngati fumbi. Likachedwa n'kukhala lokhakhala limadya chitsulo, choncho muziliyendera. Chotsani zotsekera zija musanawiritse, chifukwa mpweya wotsekeredwa ukatentha umazitulutsa mwamphamvu n'kukuwazani madzi owira. Wiritsani mphindi 15 mpaka 20, pukutani mwaye, pakaninso. Ulendo woyamba mtundu umakhala wotuwa, musataye mtima. Umayamba kuda bwino pa ulendo wachinayi, ndipo zambiri zimafuna maulendo 6 mpaka 10. Mawanga akaoneka, pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake ndi mafuta, a m'zala kapena otuluka polumikizira mpope. Chitsulo chikaleka kuda, wiritsani komaliza, mizani mu palafini, kenako mu oyilo maola 24 musanamange.

Wosula

Mukamanga, bwerezani mayeso onse a poyamba aja mfuti ili yopanda kanthu: timing pa mabowo 6, kukankha hammer, mpata. Onjezani ichi: kokani hammer, kokani trigger n'kuigwirabe, tsitsani hammer pang'onopang'ono, muyang'ane cham'mbali pampata wa kumbuyo kwa silinda. Nsonga yomenyera iyenera kuoneka itatulukira. Mukasiya trigger, hammer ibwerere m'mbuyo pang'ono ndipo nsongayo ibisike. Ikapanda kubisika musaikemo chipolopolo, tsegulaninso kapena pitani nayo kwa mmisiri.

Pukutani oyilo yense mu mpope ndi m'mabowo musanawombe. Kuwomba koyamba kukhale pamalo ovomerezeka, mutavala zoteteza maso ndi makutu, ndi zipolopolo za .38 Special za kufakitale za mphamvu wamba, osati +P, zomwe ndi zamphamvu yowonjezera. Wombani 6, tulutsani makhoko, muwayang'ane limodzilimodzi. Atuluke mosavuta, akhale osatupa ndi osang'ambika, ndipo chizindikiro cha nsonga yomenyera chikhale pakati pa primer, kabatani ka kumbuyo kwa khoko kamene kamayatsa wonga. Chikakhala chakumbali pa khoko limodzi lokha, lembani bowo limenelo ndi cholembera, mmisiri akaliyeze ndi range rod, ndodo yoyezera ngati bowo lalunjika ndi mpope.